PHUNZIRO 34: KODI KUMWAMBA KUDADZAZA KALE? ZA NAMBALA YA 144,000

Kowerenga: Chivumbulutso 7:1-17. Mphunzitsi awerengeretu payekha mutu 5, mutu 14 ndi mutu 21, ndiponso Numeri 1.

Ndime yoloweza: 2 Timoteo 2:19. Ana aang'ono aloweze Yohane 10:14.

Zobwera nazo: njere za chimanga zodzaza kapu, bokosi la machesi lopanda kanthu, ndi choko.

KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, zaka zapitazo ndinali ndi mtsikana wina m'kalasi langa la Sande Sukulu, wa zaka ngati 12, wodziwa masamu kuposa anyamata onse. Anali wosajomba. Tsono anajomba masabata atatu otsatizana. Nditapita kwao ndinampeza ali bwinobwino, akusinja. Amai ake anati, "Mufunseni nokha, Aphunzitsi, ife watikanika." Mwanayo anayamba wakhala chete. Pambuyo pake anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti kumwamba kukalowa anthu 144,000 okha. Ndiye ndawerengera. Tsiku la Pentekoste lokha anatembenuka 3,000. Masiku otere atakwana 48, malo atha. Nanga ife tikuvutikiranji?"

Ndinatola kamtengo n'kuyesa samuyo pansi. Anakhoza. Mukachulukitsa 3,000 ndi 48 mupeza 144,000 ndendende. Masamu ake analibe polakwa. Wolakwa ndinali ine, pakuti chaka ndi chaka ndinkalumpha mutu umenewu poganiza kuti ngwovuta kwa ana. Ine ndinaulumpha, koma ena sanaulumphe. Mwanayo anakaumva kwina, ndipo anaumva mopotoka.

Chotero ndikupemphani kuti musaope phunziro ili. Ana athu a masiku ano amawerengera msanga, ndipo nambala imeneyi akumana nayo ndithu, kaya kusukulu, kaya kuchigayo, kaya pa wailesi. Cholinga chathu n'choti mwana aliyense atuluke m'kalasi akudziwa kuti nambala ya 144,000 siinalembedwe kuti itiuze kuchepa kwa malo, koma kuti itiuze kuti anthu a Mulungu ngokwanira, palibe mmodzi wosowa. Ndipo tidzaona kuti masamu eni ake a nambalayi ndiwo atithandiza kumvetsa zimenezi.

PAMENE YOHANE ANAIMVA NAMBALAYI

Yohane analemba buku ili ali pa chisumbu cha Patmo, kumene anali chifukwa cholalikira Yesu. Ambiri mwa ophunzira Baibulo amati inali nthawi ya mfumu Domitian ya ku Roma, imene inalamulira kuyambira chaka cha 81 kufikira 96. Mipingo isanu ndi iwiri imene anailembera inali m'dziko limene lero ndi Turkey. Inali mipingo yaing'ono pakati pa mizinda ikuluikulu yopembedza mafano ndi mfumu. Ku Pergamo mkhristu wina dzina lake Antipa anali ataphedwa kale (2:13).

Muyambe ndi mutu 6 musanalowe mu 7. Mutu 6 ngwoopsa: nkhondo, njala, imfa, chivomezi, ndipo mafumu ndi akapolo omwe akubisala m'mapanga. Umatha ndi funso lakuti ndani angaimirire pa tsiku lotere. Mutu 7 ndiwo yankho la funso limenelo. Angelo anai auzidwa kuti agwire kaye mphepo zoononga kufikira atumiki a Mulungu ataikidwa chizindikiro pamphumi. Zotere zinaonekanso kwa Ezekieli (mutu 9), pamene olira chifukwa cha zoipa za mu Yerusalemu anaikidwa chizindikiro chilango chisanafike. Ana a kumidzi yoweta ng'ombe adziwa msanga tanthauzo lake: chizindikiro chimanena mwini wake wa chiweto.

Apa ndi pamene Yohane akumva chiwerengero cha oikidwa chizindikirowo: 144,000, ndiko kuti 12,000 ku fuko lililonse la mafuko 12. Mkhristu wa ku Pergamo, amene mwina ankapembedza ndi anzake owerengeka m'nyumba ya munthu, pomva nambala imeneyi sakanati, "Malo achepa." Akanati, "Kani tilipo ochuluka chotere!" Kumbukirani Eliya, amene ankayesa kuti watsala yekha, Mulungu n'kumuuza za anthu 7,000 (1 Mafumu 19:18).

NAMBALA YOCHITA KUWERENGA NDI NAMBALA YOCHITA KUMANGA

Amene mudalembapo rejisitala ya sukulu mukudziwa kuti anthu ochita kuwerengedwa sabwera mosalala. Kalasi lina 87, lina 112, lina 63. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sindinaonepo sukulu imene makalasi ake onse ali ndi ana ofanana chiwerengero. Mphunzitsi wamkulu atalandira lipoti lotere akanadziwa pomwepo kuti wina walemba ali kunyumba, sanawerenge ana.

Kalembera wa dziko lathu wa mu 2018 anapeza anthu 17,563,749. Taonani m'mene nambalayo ikuthera: ndi 9. Simungaigawe ngakhale pawiri popanda wotsala. Umo ndi m'mene imaonekera nambala yochita kuwerenga mutu umodziumodzi.

Baibulo lili nazo nambala zotere zambiri. Pa Ezara 2, pamene akuwerenga obwerera kuchokera ku Babulo, a banja la Parosi ali 2,172, a ku Betelehemu 123, ngamira 435. Nsomba zimene Petro anakokera kumtunda zinali 153 (Yohane 21:11). Ngakhale pa Numeri 1, pamene Mose anawerenga amuna oyenera kupita kunkhondo, nambala zake zikuoneka kuti anazisalaza pang'ono, komabe mafuko ngosiyana kwambiri: Yuda 74,600, Dani 62,700, Gadi 45,650, Manase 32,200. Onse pamodzi 603,550. Yesani kugawa 603,550 kwa mafuko 12 mofanana: mupeza 50,295, n'kutsala 10.

Tsono bwererani ku Chivumbulutso 7. Yuda 12,000. Manase 12,000. Benjamini, fuko laling'ono lija, 12,000. Palibe loposa linzake ngakhale ndi munthu mmodzi. Imeneyi si nambala ya kalembera. Ndi nambala yomangidwa dala, monga mmisiri amangira nyumba ndi chingwe ndi sikweya, kuti woiona adziwe kanthu.

Mndandanda wa mafukowo nawonso ukutiuza zomwezo. Auzeni ana okulirapo aufanizire ndi wa pa Numeri 1, aone okha kusiyana kwake. Yuda ali poyamba, pamene mwana woyamba wa Yakobo anali Rubeni. Koma Yuda ndilo fuko la Ambuye Yesu. Levi, amene Mose sanamuwerenge pamodzi ndi ankhondo, pano alimo. Dani mulibe. Dzina la Efraimu mulibenso. Muli Yosefe, pamodzi ndi mwana wake Manase. Mndandanda wotere simudzaupeza pena paliponse m'Chipangano Chakale. Ena amati Dani anasiyidwa chifukwa cha fano la pa Oweruza 18 ndi mwanawang'ombe amene Yerobiamu anaimika kumeneko. Mwina n'zoona, koma Yohane sananene, ndipo ife tisaphunzitse ana zongoganizira ngati kuti ndi Mau a Mulungu.

TIIPHWANYE NAMBALAYI

Apa ndikhalitsapo pang'ono, pakuti mphunzitsi amene waigwira nambalayi ndi manja ake sadzachita nayo mantha pamaso pa ana.

Lembani pa bolodi: 12 x 12 x 1,000 = 144,000.

Ife achikulire tinaloweza matebulo kufikira 12 x 12, ndipo chifukwa chake chinalipo. Kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971, makobiri 12 ndiwo ankapanga sheleni imodzi, ndipo mainchesi 12 ankapanga futi imodzi. Mpaka lero amalonda amagula zinthu pa dazeni. Anthu akale anaikonda 12 chifukwa imagawika bwino: pawiri, patatu, panai, ndi pa 6, popanda chotsala. Nambala ya 10 imagawika pawiri ndi pasanu basi. Mai amene ali ndi mandasi 12 sadzayambanitsa ana, kaya ali awiri, atatu, anai kapena 6.

M'Baibulo 12 ndi nambala ya anthu a Mulungu. Ana a Yakobo anali 12. Miyala ya pachifuwa cha mkulu wa ansembe inali 12. Yesu anasankha atumwi 12, ndipo Yudasi atachoka, otsalawo sanakhutire kukhala 11. Anasankha Matiya kuti chiwerengero chikwane (Machitidwe 1). Pa Chivumbulutso 21 Yerusalemu watsopano ali ndi zipata 12 zolembedwa maina a mafuko a Israyeli, ndi maziko 12 olembedwa maina a atumwi. Ndiye kuti Yohane mwini wake watiikira ma 12 awiri mu mzinda umodzi: wa Chipangano Chakale ndi wa Chatsopano. Ndipo poyesa linga la mzindawo mngelo apeza mikono 144, imene ili 12 x 12.

Mukayala njere za chimanga mizere 12, mzere uliwonse njere 12, zimapanga bwalo la mbali zinai zofanana. Palibe mzere wopitirira, palibe wopelewera. Muchotsepo njere imodzi yokha, ngakhale mwana wa Sitandade 1 aona msanga kuti pali mpata.

Nanga 1,000? Imeneyi ndi 10 x 10 x 10. Sanjani njerwa 10 m'litali, 10 m'lifupi, 10 m'mwamba, mulu wonse udzakhala njerwa 1,000. M'Malembo chikwi chimatchulidwa kawirikawiri pofuna kunena za unyinji. Pa Salmo 50:10 Mulungu akunena kuti ziweto za pa mapiri chikwi n'zake. Palibe munthu wanzeru amene amafunsa kuti nanga za pa phiri la 1,001 n'za yani. Chikwi chinalinso gulu la asilikali. Pa Numeri 31 Mose anatenga chikwi chimodzi ku fuko lililonse, onse 12,000, kupita kunkhondo. Chotero anthu a pa Chivumbulutso 7 akuoneka ngati asilikali oima pa mizere, aliyense pa malo ake. Ndi mpingo umene uli pa nkhondo ya chikhulupiriro pansi pano.

Kwa inu amene muli ndi ana a makalasi apamwamba, chitani nawo ichi. Gawani 144,000 pawiri, mubwerezebwereze: 72,000, 36,000, 18,000, 9,000, 4,500, 2,250, 1,125. Mwagawa kasanu ndi kawiri, ndipo pamenepa 2 wakana. Tengani 3: 375, 125. Kawiri. Tengani 5: 25, 5, 1. Katatu. Ndiye kuti nambala yaikulu yonseyi yamangidwa ndi tinambala titatu tokha, 2, 3 ndi 5. N'chifukwa chake imagawika modabwitsa. Alipo manambala 96 amene angagawe 144,000 popanda chotsala. Nambala ya Mose ija, 603,550, ngakhale ili yaikulu kuposa kanai, ili ndi manambala 12 okha oigawa, pakuti mukachotsa 2 ndi 5 ndi 5 mumatsala ndi 12,071, chimwala chimene sichisweka ndi nambala ina iliyonse.

Ana ayese kugawa 144,000 ndi manambala onse kuyambira 2 kufikira 10. Onse alowa bwino kupatula 7, amene asiya 3. Ndipo pomwepa ndikuchenjezeni. Padzapezeka wina wonena kuti, "Popeza 7 ndi nambala yopatulika, pali chinsinsi pamenepa." Palibe chinsinsi chilichonse. Mu 12 mulibe 7, mu 10 mulibe 7, ndiye mu 144,000 simungakhale 7. Nkhani yathera pomwepo. Masamu tikuwagwiritsa ntchito kuti tione zimene Yohane anaikamo, osati kuti tifukule zimene sanaikemo. Matenda ofukula zinsinsi m'manambala apweteka anthu ambiri. Ku America otsatira a William Miller anadikira kubwera kwa Ambuye pa 22 October 1844, ena atasiya minda yao osakolola. Harold Camping anawerengeranso napeza 21 May 2011. Masiku onsewo anadutsa monga masiku ena.

Chinanso chimene ana amachikonda ndi bokosi la machesi. Awerenge m'mphepete mwake, mizere imene mbali ziwiri zimakumanirana. Adzapeza 12: inai pamwamba, inai pansi, inai yoimirira. Mzinda wa pa Chivumbulutso 21:16 uli ngati bokosi lofanana ponseponse, utali, kufupika ndi msinkhu, monga analili Malo Opatulikitsa m'kachisi wa Solomo (1 Mafumu 6:20), ndipo muyeso wake ndi mastadiya 12,000, ndiko kuti makilomita oposa 2,000. Ngati mzere uliwonse uli 12,000, mizere 12 ipanga 144,000. Samuyo njoona, ndipo ine imandikondweretsa, koma Yohane sanailembe. Muinene ngati chinthu chokoma kuchiona, musamangepo chiphunzitso.

KUMVA NDI KUONA

Tsopano tifike pa mtima pa phunziro. Werengani ndime 4 ndi ndime 9 moyandikana, pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ndime 4 Yohane sakunena kuti anaona anthu 144,000. Akunena kuti anamva chiwerengero chao. Pa ndime 9 ndi pamene akuona, ndipo chimene akuona ndi chinamtindi cha anthu chosatheka kuchiwerenga, ochokera m'maiko onse, olankhula zilankhulo zonse, atavala zoyera, ali ndi nthambi za kanjedza m'manja.

Kalembedwe kameneka tidakumana nako kale pa mutu 5. Kumeneko mmodzi wa akulu aja auza Yohane za Mkango wa fuko la Yuda umene wapambana. Yohane potembenuka kuti aone Mkangowo, aona Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa. Kodi anali awiri? Iai. Ndi Yesu mmodzi yemweyo; khutu linamva dzina lina, diso linaona maonekedwe ena, ndipo zonse ziwiri n'zoona. Chimodzimodzinso pa mutu 7. Khutu limva Israyeli wowerengedwa, woima pa mizere. Diso liona anthu a mitundu yonse osawerengeka. Ine ndikhulupirira, pamodzi ndi aphunzitsi ambiri a mipingo yathu, kuti awa ndi anthu amodzi omwewo: kwa Mulungu ngowerengedwa mmodzimmodzi, kwa munthu ngosawerengeka. Abrahamu anauzidwa kuti ayese kuwerenga nyenyezi, poti mbeu yake idzachuluka chomwecho (Genesis 15:5). Iye sakanatha, koma Salmo 147:4 likuti Mulungu amaziwerenga, ndipo iliyonse ali nalo dzina lake.

Ndinene mosabisa kuti alipo akhristu enieni amene amaona mosiyana pang'ono. Iwo amati 144,000 ndi Ayuda okhulupirira Yesu, ndipo chinamtindi chija ndi a mitundu ina. Sitiyenera kukangana nawo mwaukali. Ngakhale titatsata maganizo ao, mwana wa ku Malawi alowa ndithu, pakuti ali m'gulu losawerengeka lija. Njira zonse ziwirizi sizitseka khomo.

Ndipo gulu limenelo laima pati? Ndime 9 ndi 15 zikuti pamaso pa mpando wachifumu ndi pa Mwanawankhosa, likutumikira m'kachisi wake. Mutu 19 ndime 1 ukunenanso za mau a unyinji wa anthu kumwamba. Chimene chinawafikitsa kumeneko chalembedwa pa ndime 14, ndipo si nambala ya pamzere ngati ya kuchipatala: ndi mwazi wa Mwanawankhosa umene anachapira zovala zao.

MAFUNSO AMENE MUDZAKUMANA NAWO

Ana ena ali ndi abale a Mboni za Yehova, ndipo adzati, "Amalume amati okapita kumwamba ndi 144,000 okha." N'zoonadi kuti a Mboni amaphunzitsa chomwecho: kuti 144,000 ndi nambala yeniyeni ya okalamulira pamodzi ndi Khristu kumwamba, ndipo kuti gulu lalikulu lija lidzakhala pa dziko lapansi. Kusiyanitsa kumeneku anakulengeza mu 1935. Ife sitigwirizana nazo, ndipo chifukwa chake mungachionetse ndi Baibulo lili m'manja. Ngati nambalayo tiitenga monga iliri, tiyenera kutenganso zonse zoizungulira monga ziliri. Pamenepo onse 144,000 ayenera kukhala Ayuda a mafuko otchulidwawo, ndipo malinga ndi 14:4 ayenera kukhala amuna okhaokha osadziwa mkazi. Petro, amene anali ndi apongozi ake, sakanalowamo. Mariya amake a Yesu sakanalowamo. Sitingati mafukowo ndi fanizo, umbetawo ndi fanizo, koma nambala yokhayo si fanizo. (Ndime ya 14:4 musaifotokoze kwa ana aang'ono. Kwa okulirapo nenani kuti aneneri ankafanizira kupembedza mafano ndi chigololo, ndiye kuti awa ndi anthu amene sanagwadire chilombo.)

Koma aphunzitsi anzanga, samalani kamvekedwe ka mau anu. A Mboni analetsedwa m'dziko muno mu 1967. Ambiri anamenyedwa, anatenthedwa nyumba, ena anaphedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletso chinachotsedwa mu 1993. Ife amene tinalipo masiku amenewo tikudziwa kuti ambiri tinangoyang'ana kumbali. Tingatsutse chiphunzitso chao, koma m'kalasi mwanu musalole mwana kuwanyoza kapena kuwatchula maina achipongwe. Mwana amene wafunsa funsolo akunena za amalume ake amene amawakonda.

Ena adzafunsa kuti, "Nanga 144,000 ndi anthu ambiri bwanji?" Apatseni zofanizira. Mutawerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osapuma, mungathe maola 40 ndendende. Mutaitana dzina limodzi pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku, mungathe masiku 100 ndendende. Anthu otere angadzaze bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe katatu ndi theka. Pa kalembera wa 2018 akanaposa anthu a mu mzinda wa Zomba, koma osafika pa a mu Mzuzu. Ndiye ndi ambiri, komanso ndi ochepa: mutagawa anthu a m'Malawi a chaka chimenecho ndi 144,000, mungapeze malo amodzi pa anthu 122 alionse, ndipo mwatero musanawerenge maiko ena kapena mibadwo yonse ya makolo. Apa ndi pamene panamgwetsa mphwayi mtsikana wanga uja.

Wina wolimba mtima adzafunsa, "Nanga ine ndilimo?" Musamyankhe mopepuka kuti aliyense alimo, pakuti si zimene Malembo akunena, musamuopsezenso. Munthu wina anafunsa Yesu ngati opulumuka ali owerengeka, ndipo Yesu sanampatse nambala. Anamuuza kuti alimbike kulowa pa khomo lopapatiza (Luka 13:23-24). Muuzeni mwanayo kuti Yesu adalonjeza kuti wobwera kwa Iye sadzamtaya kunja (Yohane 6:37), ndipo mupeze nthawi yocheza naye payekha mukaweruka. Funso likakukulirani musachite manyazi kunena kuti mukafunsa Abusa. Mutu umodzi susenza denga.

KAPHUNZITSIDWE

Yambani ndi kuitana maina monga mwa masiku onse, koma lero mukafika pa dzina la amene sanabwere muime pang'ono, mufunse ngati alipo wodziwa kumene ali. Kenaka funsani: kodi kalasi lakwana? Ana adzati iai, ngakhale benchi ladzaza.

Tulukani nawo panja. Pa malo osesa bwino ana ayale njere mizere 12 ya njere 12. Musawayalire inu, asiyeni alakwitse ndi kukonza. Akatha atseke maso, inu muchotsepo njere imodzi, ndipo aone amene ayambe kupeza mpata. Mubwereze kawiri kapena katatu, kuchotsa pakati, kuchotsa pangodya. Afunseni chimene mbusa wa nkhosa 100 uja anachita atapeza kuti zili 99 (Luka 15). Pamenepo auzeni kuti njere iliyonse ikuimira anthu 1,000, ndipo muwerenge nawo Chivumbulutso 7:4.

Tsono khuthulani njere zotsala m'kapu pa mulu, muuze mwana mmodzi aziwerenge ndi maso okha osazigwira. Adzalephera. Werengani ndime 9. Ndawona kuti apa ana amakhala chete okha, ndipo si bwino kuwasokoneza ndi mau ambiri. Ana aang'ono alekezere pomwepa, aloweze ndime yao, aimbe. Kugawa kuja ndi bokosi la machesi nza okulirapo okha, ndipo nthawi ikachepa siyani bokosilo, koma musasiye za Mkango ndi Mwanawankhosa.

Pomaliza afunseni kuti Yohane anamva chiyani ndipo anaona chiyani. Chifukwa chiyani tikuti 144,000 si nambala ya kalembera. Ndiponso chimene chinayeretsa zovala za anthu aja. Popemphera mutchule maina a ana amene sanabwere lero, ndipo musankhe awiri oti akawaone m'kati mwa sabata.

Mtsikana uja ndinakhala naye pa mtondo wogubuduza madzulo amenewo, tikuwerenga ndime 4 ndi ndime 9 mobwerezabwereza. Sanakhutire msanga. Anafuna kuona ndi maso ake kuti pa ndime 4 palembedwadi za kumva osati za kuona, ndipo anatsata mzerewo ndi chala. Sabata lotsatira anabwera, ndipo ndiye anapeza kuti 7 sagawa 144,000. Ine ndinali ndisanayesepo.

Ntchito ya kunyumba kwa okulirapo: awerenge 1 Mbiri 27:1-15, pamene Davide anali ndi magulu 12 a anthu 24,000, gulu limodzi pa mwezi uliwonse. Apeze chiwerengero cha onse pamodzi, achifanizire ndi nambala ya lero, adzatiuze chimene aona. Njere zija muzitole zonse musanachoke, ana aang'ono angaziike m'mphuno. Bokosi la machesi mulisunge, pakuti tidzalifunanso sabata lamawa pophunzira za mzinda wa pa mutu 21.